Chikole cha a Dinah Chinapita Kunyanja

Mukalowa pa geti la mdadada wathu ku South C, musanafike n'komwe pa masitepe, mumva makina osokera akulira m'nyumba ya pansi chakumanzere. Amenewo ndi a Dinah, mayi a Tina, telala wa Amalawi a mu Nairobi muno. Diresi la chinkhoswe, yunifolomu ya kwaya, thalauza la bwana amene wanenepa ndi nyama choma, yootcha ya kuno ija, koma akuumirira kuti thalauzalo ndilo lafwanyala, zonse zimathera pa tebulo pawo. Ndi mayi wa ku Ntcheu, wamfupi, wa maso akuthwa. Magalasi amavala, koma ndi a nsalu ndi singano basi. Munthu amamuyang'anira pamwamba pa magalasiwo.

A Dinah sakhulupirira chinthu asanachigwire. Mama mboga, mayi wogulitsa zamasamba pa kona, amawadziwa, akangowaona amayamba yekha kutembenuza tomato kuti aone kunsi. Kondakitala wa matatu, minibasi za kuno, akamakuwa kuti watsala munthu mmodzi, iwo amayamba asuzumira kaye. Amati khalidweli analitola ali mtsikana pa msika wa Lizulu, pomwe ankathandiza mayi awo aang'ono kugulitsa mbatata ya kachewere. Pamwamba pa ndowa pamakhala zikuluzikulu, nkhani imakhala pansi.

Amuna awo ndi a Lwitiko, a ku Karonga, khukhi wa pa kantini ya bungwe lina ku Westlands. Bambo wamtali, wofatsa, woseka ndi aliyense, ndipo kusekako ndi kumene a Dinah sanakukonde chiyambire. Anakumana ku Lilongwe, a Lwitiko akuphika pa hotela, a Dinah akuphunzira zosoka ku Kawale. Azakhali a Dinah anati ng'ombe zakwanuko ife sitizidziwa, kuno mnyamata wofuna mkazi amayamba wasiya chikole. A Lwitiko anakasankha pa msika wa nsalu wa kwa Mataifa chitenje chabuluu, chojambulidwa nkhanga zoyera mizeremizere. A Dinah anachivala kangapo, kenaka anachipinda n'kuchiika pansi pa sutikesi. Mmenemo ndi mmene chinakwerera ndege pamene bwana wina amene a Lwitiko ankamuphikira anawapezera ntchito kuno.

Zaka zonsezi a Dinah ali ndi mwambo wawo. A Lwitiko akavula malaya, malayawo safika mu beseni asanadutse pamphuno. Chimene amapezamo ndi anyezi ndi mafuta ophikira. Tsiku lina a Lenah, mnzawo wa ku tchalitchi amene amakhala pamwamba pawo, anawafunsa kuti, "Koma asisi, simutopa? Munapezapo chiyani?" A Dinah anayankha ulusi uli kukamwa, "Kusapeza sikuti kulibe. Mwina munthuyo ndi wochenjera."

Nkhani ya nyanja inabwera ndi a Marvin, mzungu wa ku Amereka amene amadya pa kantiniyo. Iwowa ndi anzawo anali ndi maganizo. Anati popeza boma lawo ndi la ku Russia sakuonana ndi diso labwino, iwo anthu wamba akwere ngalawa imodzi ya matanga, theka a ku Amereka, theka a ku Russia, achoke ku Kilifi akafike ku zilumba za Seychelles n'kubwerako, dziko lione kuti angathe kukoka chingwe chimodzi. Chimasowa ndi wophika. A Lwitiko anakulira m'mabwato kwawo, ndiye a Marvin sanayang'anenso kwina.

"Ku Amereka makhukhi atha?" anafunsa a Dinah.

"Ayi mayi a Tina, akuti akufuna munthu wopanda mbali. Wa ku Russia akaphika, awa adandaula. Wa ku Amereka akaphika, awo adandaula."

"Ndiye kwa anthu onse a mu Kenya muno, wopanda mbali ndi inu."

"Ndi mwayi, mayi. Ku ofesi andipatsa tchuthi."

"Akazi aliko?"

"Sindinafunse."

"Simunafunse," anatero a Dinah, akuwayang'anira pamwamba pa magalasi.

Anavuta sabata yonse, koma Tina, mwana wawo amene amaphunzira ku Roysambu, anabwera n'kunena kuti amayi, alekeni adadi akaone dziko, akalamba ndi mapoto. Pomaliza analola. Polongedza chikwama anatsitsa sutikesi ija, natulutsa chitenje cha nkhanga, nachiika pamwamba pa zovala. "Muzikafunda ichi," anatero. "Muzikakumbukira kuti muli ndi kwanu."

Panapita pafupifupi miyezi iwiri. Foni kunyanjako inkagwira mwa apo ndi apo. Mmawa wina a Lenah anatsika masitepe atavala silipasi ya phazi limodzi, foni ili m'manja. Pa gulu la WhatsApp la Amalawi wina anali ataponyapo chithunzi, ndi mawu akuti tiyamikire Mmalawi mnzathu. Anali anthu a m'ngalawa aja atafika ku Kilifi, azungu atafiira ngati tomato wa mama mboga. Kumapeto kunali a Lwitiko, mano onse pamtunda. Pambali pawo panaima mzimayi wamtali, tsitsi lomanga kumbuyo, dzanja lili pa phewa la a Lwitiko. M'mapewa mwake anafunda nsalu.

A Dinah anavala magalasi, nakulitsa chithunzicho ndi zala. Nsaluyo inali itasuluka, koma nkhanga zinkaoneka.

"Mwina ndi chofanana nacho," anatero a Lenah ndi mawu ang'ono.

"Ku Russia kuli Mataifa?"

Inu mukudziwa, kwathu mwamuna sangopatsa mkazi chitenje ngati akupereka ndimu. Amapatsa mayi ake, mlongo wake, kapena mkazi amene wamulozera mtima. Nanga chikhale chikole chenichenicho? Pagulupo anthu anayamba kuombera m'manja, kenaka amayi angapo amene anachionapo chitenjecho pa chikumbutso cha ukwati anangoti zii. Kukhala chete kwawoko ndi kumene kunawalasa a Dinah.

A Lwitiko anafika ndi sitima ya pamtunda yochokera ku Mombasa, ataonda, atada bii, akuyenda motangadza ngati pansi pakugwedezeka. A Dinah anawalandira bwinobwino, madzi osamba, chakudya. Kenaka anakhuthulira chikwama pa bedi. Chitenje munalibe. Sanafunse tsiku limenelo. Amati ukafunsa msanga umapatsa munthu nthawi yokonza bodza, ngati kuti kudikira sikumupatsa nthawi yochulukirapo.

Anangoyamba kuwaonetsetsa. Ndipo zoona, bambo anabwera ndi tizikhalidwe tachilendo. Tiyi akufuna wopanda mkaka, kumamwa akunyambita jamu pa supuni. Tina akaimba mluzu m'nyumba, akuti usatero, ukuthamangitsa mwayi. Chodabwitsa kwambiri, mmawa akavala nsapato, chikwama chili m'manja, m'malo motuluka ankakhala kaye pa mpando wa pakhomo, duu, osayankhula, kenaka n'kudzuka kumapita.

"Mukupemphera?"

"Ayi. Ndi mwambo wa anzathu aja. Usananyamuke ulendo umakhala kaye pansi pang'ono, mtima ukhazikike."

"Anakuphunzitsani ndani?"

"A Galina."

Dzina linapezeka. Ndipo a Lenah sanachedwe kufufuza kuti a Galinawo sanabwerere ku Russia ayi, amagwira ntchito yomasulira zinenero mu Nairobi momwe muno, nyumba yawo ili ku Westlands, kufupi ndi kantini.

Chimene chinaswa mbale anachinena okha a Lwitiko, masanasana, pa tebulo, alendo alipo. Anabwera kudzawaona a Edmond, mkulu wa mpingo amene amawerengera ndalama ku bungwe lina, munthu wokonda mafunso. Anafunsa kuti nanga m'kangalawa kakang'ono choncho munkagona bwanji anthu onsewo.

"Aa, akulu, mabedi ndi ochepa," anatero a Lwitiko, akutafuna mosangalala. "Ngalawa siima, ndiye ena akagona ena ali pa ntchito. Bedi limodzi anthu awiri, mosinthana. Ndipo anachita dala, bedi lililonse wa ku Amereka mmodzi, wa ku Russia mmodzi, akuti munthu sungadane ndi amene wakufunditsira pogona. Ine ndinatsala wopanda mnzanga, a Galina nawonso anatsala poti a ku Russia anaposa ndi mmodzi, ndiye anatipatsa bedi limodzi. Ndikamalowa, bedi limakhala lofunda kale."

Supuni ya a Dinah inagwera pansi. A Edmond anayamba kuyang'anitsitsa kalendala ya pakhoma ngati sanaionepo.

Alendo atapita, mawu anamveka mpaka pa masitepe. Si kuti tinkamvetsera, makoma a kuno ndi opyapyala.

"Chitenje changa chili kuti?"

"Mayi a Tina, chitenje chija chinagwira ntchito yaikulu. Chinali mbendera yathu."

"Chinali chiyani?"

"Mbendera. Pa mlongoti, pamwamba."

A Dinah anaseka, kuseka kosakoma kuja. "Bambo a Tina, ndakhala ndikudikira bodza lanu chikwatirane. Ndimayesa lidzakhala lanzeru."

Anatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu n'kuyamba kulongedza. Anati Lamlungu likubwerali chitenjecho chikhale pa tebulo ili, apo ayi Lolemba iwo akwera ndege ya ku Lilongwe, akakhala kwa mchemwali wawo ku Kawale, ndipo asadzawatsatire. Anasamukira m'chipinda chosokera. Sabata imeneyo makina sanalire, ndipo mdadada wonse unadziwa kuti zinthu zafika poipa, chifukwa ngakhale pa maliro a mayi awo a Dinah anasoka.

Kuno ankhoswe enieni ali kutali, ndiye timabwerekana. A Edmond anakhala nkhoswe ya kuchimuna, a Lenah ya kuchikazi. Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, takisi inaima pa geti, ndipo munatuluka a Marvin, wamfupi, wa dazi losupuka ndi dzuwa, ndi a Galina atanyamula jumbo ya pepala. A Dinah anali pa windo. Anayembekezera mtsikana wopentapenta. Anaona mayi wa msinkhu wawo, nsapato zafulati, manja okhakhala, osamwetulira. Izi sizinawatonthoze. Amati osamwetulirawo ndiye oopsa.

A Edmond anatsegula ndi pemphero, kenaka anapempha alendo kuti afotokoze. A Marvin anayamba ndi ubale wa mitundu ya anthu, mtendere, nyanja imene ilibe malire. A Galina anawadula.

"Marvin, mayiwa sakufuna ulaliki. Akufuna nsalu yawo." Anatembenukira kwa a Dinah. "Tsiku loyamba lomwe tinayambana. Kumbuyo kwa ngalawa kunali mbendera ya Kenya, imeneyo panalibe mkangano. Koma pa mlongoti panali chingwe chimodzi, ndipo awa anafuna yawo ikhale pamwamba."

"Tinanena kuti tizisinthana," anatero a Marvin.

"Munanena kuti tizisinthana kuyambira ndi yanu."

"Chifukwa ngalawa tinabwereka ndife."

"Ndipo amene ankadziwa kuiyendetsa ndife."

Anapitiriza choncho, uyu akaponya uyo n'kubweza, mpaka a Edmond anatsokomola. Zimene zinatuluka n'zakuti mbendera zonse ziwiri zinatsitsidwa, chingwe chinatsala chopanda kanthu, ndipo anthu anayamba kudya motalikirana, awa kutsogolo, awo kumbuyo. Kenaka funde linalowa pa kawindo n'kunyowetsa pogona pa a Lwitiko. Iwo pofuna poyanika chitenje anaona chingwe chongokhala, anamangapo n'kukoka. Mmawa anthu anadzuka n'kupeza nkhanga zikuuluka pamwamba pawo. Wa ku Russia wina anachitira sawatcha mwanthabwala, wa ku Amereka anaseka, ndipo kunali kuseka koyamba pa ulendowo. Anagwirizana kuti chisatsikenso.

"Ine ndimafuna kunena kuti n'cha akazi anga," anatero a Lwitiko, maso ali pansi. "Koma anthu anali atayamba kudyera pamodzi."

"Nanga chinafika bwanji m'mapewa mwa mayiwa?" anafunsa a Lenah, amene unkhoswe anautenga ndi manja awiri.

"Ndine ndinachitsitsa titafika," anatero a Galina. "Ndinapempha kuti ndisunge. Anati tengani."

A Edmond anapukusa mutu. "Apo pokha, achimwene, munalakwa. Chikole sapereka kawiri."

"Ndinachita manyazi kukana, akulu."

A Dinah sanakhutire. Nkhaniyo inali yosalala kwambiri, ngati ndowa ya ku Lizulu. Anthu atatu angathe kupangana m'takisi. Anatambasula dzanja, a Galina anawapatsa jumbo ija, ndipo iwo ananyamuka kupita nayo pa tebulo lodulira nsalu. Onse anawatsatira n'kuima pakhomo.

A Dinah anayamba ndi mphuno. Mchere, dizilo, kafungo ka nsomba. Sopo ayi, mafuta odzola ayi. Anachiyala, navala magalasi. Buluu uja anali atasanduka ngati phulusa, ndipo atachitembenuza anapeza kuti kuseri kwasuluka chimodzimodzi. Nsalu yovala imasuluka kunja, mkati imasunga mtundu. Anayendetsa chala m'mphepete. Mbali imodzi yaifupi, pa ngodya ziwiri, panali mabowo otamuka pomwe chingwe chinkakoka. Mbali inayo inali itatheratu, ulusi uli wirawira ngati ndevu za chimanga, mzere wathunthu wa nkhanga utapita, zina zitatsala mitu yokha. Anafufuza pakati, pomwe mzimayi amakhalira, pamene nsalu imasalala n'kutukuka. Panali pouma, pokhakhala. Anafufuza kumtunda, pomwe timapisira m'chiuno. Panalibe khwinya.

Anaimirira nthawi yaitali, dzanja lili pa nkhanga zodukazo.

"Chitenje chovala mzimayi chimathera pokhalira ndi pomangira," anatero pomaliza, osayang'ana munthu. "Ichi chathera kumchira. Yachidya ndi mphepo."

A Lwitiko anapuma mpweya umene anausunga sabata yonse. Anafulumira.

"Koma nsalu yanena za mlongoti," anapitiriza a Dinah. "Za bedi sinanene."

A Edmond anamasulira mawuwo m'Chingerezi, ngakhale a Dinah Chingerezi amachidziwa bwino, kungoti akakwiya sachigwiritsa ntchito. A Galina anamvetsera, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yawo inasintha.

"Mayi, amuna anuwa ndinkakumana nawo pa makwerero, iwo akutsika ine ndikukwera. Koma ndikuuzeni. Amadyera pa bedi. Tsiku lililonse ndimapeza nyenyeswa za bisiketi, nthawi ina mutu wa nsomba pansi pa pilo. Ndinakadandaula kwa woyendetsa ngalawa kuti andisinthe. Anakana. Inu mwapirira bwanji zaka zonsezi?"

A Lenah anabisa kukamwa ndi mpango. A Dinah anawayang'ana mayiwo pamwamba pa magalasi, kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zafulati zija.

"Mutu wa nsomba," anatero. "Amenewo ndi iwowo."

Sananene kuti ndakhulupirira, mawu amenewo sanatulukepo pakamwa pawo chibadwire. Anangopinda chitenjecho n'kuchiika m'kabati yawo, natembenuza kiyi. A Marvin, amene sadziwa nthawi yokhala chete, anafunsa ngati angadzachibwerekenso chaka chamawa, poti anthu achizolowera ndipo popanda icho mkangano wa mbendera udzayambiranso.

"Ichi sichitulukanso m'nyumba muno," anayankha a Dinah, tsopano m'Chingerezi. "Ndikusokerani ina, ya nsalu yolimba, yopenderedwa kawiri, nkhanga zake ndisoka ndekha. Ndipo ndidzapereka ine, m'manja mwa mayiwa. Bambowa asadzaigwire."

Kenaka anakatenga tiyi. Kwa a Galina anaikako kambale ka jamu ndi supuni, osafunsa, n'kukhala moyang'anizana nawo kuti aone mmene amanyambitira. Anaonanso china. Pamene a Marvin ankadzuka, a Galina anawachotsa kaulusi pa kolala, akuwakalipira kuti amavala ngati mwana. Alendo atangotuluka pa geti, a Dinah anakoka a Lenah pa dzanja.

"Mwaona?"

"Ndaona, asisi."

"Ubale wa mitundu ya anthu," anatero a Dinah. "Tiona."

Lolemba mmawa makina analira. Sutikesi inabwerera pamwamba pa wadiropu, koma a Lenah, amene analowa kuchipindako kukabwereka ayironi, akuti zipi yake sinatsekedwe mpaka kumapeto, ndipo madiresi awiri akadali momwemo. Malaya a a Lwitiko akudutsabe pamphuno. Chitenje chija anachipendera mbali yodyekayo, chinafupika, sichingazungulirenso chiuno cha munthu.

Masiku ano mukadutsa pakhomo pawo mmawa chitseko chili chotsegula, muwaona a Lwitiko atakhala pa mpando uja, nsapato kuphazi, chikwama pamiyendo, duu. Pambali pawo, pa kasitulu kosokera, pamakhala a Dinah, nawonso duu. A Lenah anawafunsa ngati nawonso alowa mwambo wa ku Russia.

"Ine?" anatero a Dinah. "Ndimangofuna ndione kuti akakhala chete choncho amaganiza za ndani."